Chiwongolero cha Malemu Enoki

Galimotoyo inakhala pansi pa mtengo wa mango miyezi isanu, mvula yonse ikuthera pa iyo, chifukwa abale a mwamuna anati katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka anthu atameta. Esitele, mkazi wa malemuyo, anamvera. Anamvera zinthu zambiri chaka chimenecho. Atameta mu Meyi, mtedza utakhwima kale m'munda, anakabwereka batire kuchigayo n'kuiliza. Injini inatsokomola kawiri, kenako inalira bwinobwino. Chimene chinakana ndi chiwongolero. Amati akachikhotetsa, chimayenda pang'ono n'kuuma gwa, ngati wina wachigwira mbali inayo.

Kulakwa kwake kunali kunena mawu amenewo pagulu. Mlamu wake Stelia, mlongo wamkulu wa malemu Enoki, anawatola asanagwe pansi.

"Mwadzimvera nokha. Akuti wina wachigwira. Angachigwire ndani? Mwiniwake! Mlongo wanga sakufuna kuti galimoto yake iziyendetsedwa ndi mkazi."

Abale anakhala pansi n'kugwirizana kuti Loweruka Kondwani, mng'ono wa Enoki, abwera ndi thirakitala kudzaikoka kupita nayo kwawo kwa Mavwere, mzimu ukapume. Palibe anatchulapo kuti zaka zitatu zimene Enoki anatupa miyendo ndi shuga, amene ankayendetsa galimoto ya Kuluza yakaleyo m'matope a kwa Chiosya, kunyamula matumba a anthu ndi odwala omwe, anali Esitele yemweyo, mwiniwakeyo atakhala pambali akusinza. Ana anayi ankadya za galimoto imeneyo. Stelia sanabwerere kwawo. Anayala mphasa pakhonde kuti aziilondera.

Lachisanu m'mawa kunabwera a Ignatius, makaniko wa ku boma, bambo wa imvi wolankhula ngati akudandaula nthawi zonse. Anatsika pa njinga yamoto ndi chikwama cha masipanala, n'kugwedeza chiwongolero kawiri, n'kutsegula boneti.

"Bwerani muone, mayi. Ndodo iyi ikuchokera ku siteringi kutsikira kumateyala. Apa pali jointi, kachitsulo kopingasa ngati mtanda, kamene kamalola ndodo kupindika. Kanu kauma. Ndinakayika kale mutangondifotokozera pa foni, ndiye ndabwera ndi ina ya ku Chipata."

"Ndiye si munthu wachigwira?"

"Munthu uti?"

"Malemu."

A Ignatius anayang'ana Esitele, anayang'ana pakhonde pamene panali Stelia, n'kuusa moyo.

"Ine ndimakonza zitsulo, mayi. Za malemu kuli abusa."

Anawongola mateyala kuti ayang'ane kutsogolo. Anapempha chitenje, n'kumangirira chiwongolero kumpando kuti chisatembenuke ndodo ikamasuka. Anapemphanso choko cha ana n'kulemba kamzere pa ndodo. Kenako anathira parafini pa mabawuti awiri ogwira jointiyo n'kukhala pansi kudikira.

Anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Bawuti yoyamba inalira kwii n'kumasuka. Yachiwiri inaduka mutu, sipanala n'kuwamenya pa chala.

"Mayo! Galimoto iyi munkaiimika m'dambo kapena?"

"Pomwepa."

"Ayi. Ine zaka zonsezi ndaona dzimbiri, koma ili ndi la mtundu wina."

Panalibe wina wowathandiza, ndiye Esitele anapinda malaya n'kugwira. Iye ankagwira chitsulo chokhomera, a Ignatius akumenya ndi hamala pamalo opanikizika oti dzanja limalowa chammbali. Hamala ikaphonya imapeza iye. Sanalire. Analira mokwanira mu Disembala, ndipo zimene zinatsala m'chifuwa mwake sizinali misozi. Ankangowerenga mumtima: mtedza ukumera m'nthaka, ana abwera kusukulu posachedwa, mawa ndi Loweruka. Pakhonde Stelia ankasenda chinangwa akuimba nyimbo ya pamaliro chapansipansi.

Tsikulo linatha chidutswa cha bawuti chili momwemo. A Ignatius anakulunga kansanza konyowa ndi parafini pa jointiyo n'kupita, akuti alawirira.

Analawiriradi. Anaika msomali wamkulu pa chidutswacho, kumenya, kuthira, kumenya, mpaka chinatulukira mbali inayo. Jointi yakaleyo anachita kuikoka ndi chitsulo chochotsera teyala. Itagwa pansi sinapindike n'komwe, inali ngati chitsa. A Ignatius anaitola n'kuipala ndi chikhadabo. Pansi pa dzimbiri panali zoyera, zambuu. Anazinunkhiza, kenako anaika chala palilime n'kulavula.

"Mchere uwu."

"Mchere?"

"Wa m'ndiwo weniweni. Taonani, wayenda ndi ndodo yonseyi kuchokera mkati. Labala yotchinga apa inang'ambika kalekale, ndiye chilichonse chothiridwa pa siteringi chimatsikira pompano. Ndani amathira mchere m'galimoto?"

Esitele anatembenuka pang'onopang'ono. Stelia anali ataima kale, chinangwa chili m'manja, ndipo nkhope yake inalibe manyazi ngakhale pang'ono.

"Ndine. Nanga mumafuna nditani? Galimoto inanyamula maliro kuchokera kuchipatala, inu n'kuisiya choncho? Ndinaitsuka ndi madzi a mchere ndi mankhwala, katatu, makamaka pamene pankagwira manja a Enoki. Inu munali m'nyumba mukulira. Ndikanapanda kutero bwenzi ana anuwa atatupa."

"Katatu," anatero a Ignatius. "Kenako miyezi isanu osaigwedeza. Mayi, mukanathira kachinayi bwenzi tikusintha galimoto yonse."

"Inu ndakufunsani?"

Esitele anafuna kukuwa, koma mawu anatuluka otsika, okhadzula.

"Alamu, sabata yonse mwakhala pakhonde langa mukuuza anthu kuti mwamuna wanga wandikana ali m'manda. Ana anga amva zimenezo kusukulu. Chikondi wandifunsa ngati bambo ake akutida. Pamene munaumitsa chiwongolerocho ndinu, ndi mchere wa m'khitchini mwanga."

"Mchere sungaumitse chitsulo Enoki asanalole."

Pamenepo Esitele anaona kuti kulankhula n'kutaya malovu. Anabwerera ku boneti.

Kuika yatsopano sikunachedwe. A Ignatius anapala ndodo ndi sandipepa mpaka mano ake anaoneka, anapaka girizi, analunjikitsa ndi kamzere ka choko kaja, n'kulowetsa. Anamanga mabawuti atsopano, anadula chidutswa cha chubu cha njinga n'kutseka pamene panang'ambika labala. Atamasula chitenje, chiwongolero chinazungulira mbali zonse ziwiri popanda kudandaula.

A Ignatius akupukuta m'manja, Stelia anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula beseni. M'madzimo munkayandama timizu, pansi pake mchere usanasungunuke wonse.

"Chitsulo chimenechi chachokera ku Zambia, n'chogwiritsidwa kale ntchito. Tikudziwa chinachotsedwa m'galimoto imene inapha anthu angati? Patukani ndiwaze."

A Ignatius anangokhala pansi pa muzu wa mango n'kugwira mutu.

Esitele anaima pakhomo la galimoto. Kuyambira tsiku la maliro anauzidwa pokhala, chovala, nthawi yosamba, ndipo zonse ankangoti chabwino. Anatambasula manja ake otupa ndi hamala, anagwira beseni lija mbali zonse ziwiri, n'kulikoka. Stelia anakokanso. Madzi anawakhavukira onse awiri pa zitenje. Kenako Esitele analilanda, anayenda nalo mpaka kudzala n'kukhuthula.

"Mwanditaya ine pamenepo," anatero Stelia. "Ine ndinamulera Enoki. Ndinamubereka kumsana uku."

"Ndikudziwa, alamu. Ine ndinamusambitsa zaka zitatu. Tonse tatopa. Khalani pansi."

Thirakitala inafika dzuwa litapendeka, Kondwani ali pamwamba ndi tcheni. Anapeza Kuluza ikulira, Esitele ali pampando. Esitele sanamulonjere. Anaika giya, anazungulira mtengo wa mango kumanja, anazunguliranso kumanzere, anabwerera chafutambuyo pakati pa nkhokwe ndi khola osakhudza kalikonse, n'kudzaima pamphuno pa thirakitala. Anthu a m'mudzi amene anabwera kudzaonerera kukokedwa kwa galimoto anayamba kuseka.

Kondwani anatsika akukanda m'mutu.

"Nanga achemwali, si munati yagwidwa?"

"Inagwidwa! Afunseni awa anachita chiyani."

A Ignatius anamupatsa jointi yakale ija. Kondwani anayesa kuipinda ndi manja, anayesa pabondo, inakana. Anapala zoyerazo, anayang'ana mlongo wake nthawi yaitali, ndipo zinaoneka kuti za mchere uja ankazidziwa.

"Dizilo yense ndawotcha kuchokera kwa Mavwere," anatero.

"Mukanandiimbira," anatero Esitele ali pawindo. "Nambala yanga muli nayo. Munkaiimba bwino nthawi imene munkafuna ndikunyamulireni fodya."

"Alamu, nkhaniyi sinathe. Abale akhalanso pansi."

"Akhale. Mundiuze tsiku, ndibwera pa galimoto."

Kondwani anaponya tcheni m'ngolo. Stelia anapinda mphasa yake, anamanga kathumba kake, n'kukwera pambali pa mlongo wake osatsanzika. Thirakitala inatembenuka movutikira n'kumapita, fumbi lili m'mbuyo.

Esitele anazimitsa injini, anachotsa kiyi n'kumumangirira pa mfundo ya chitenje. Sanamve kukoma kulikonse. Mapewa ankawawa, chala chimodzi chinali chitada bii, ndipo batire linali la eni, lofunika kubweza chigayo chisanatseke. A Ignatius ankalongedza masipanala.

"Muzithira girizi pamenepo mvula ikamayamba, mayi. Girizi yekha."

"Ndamva."

Anakhala pampandopo kanthawi, chitseko chili chotsegula, miyendo ili panja. Kenako anaitana Chikondi kuti atenge makasu ndi matumba aponye kumbuyo. Dzuwa linali likadalipo loti n'kukumba mizere ingapo.