Mzere Wabuluu pa Mwendo wa Ndiaga

Ndiaga anaima m'madzi olekeza m'chifuwa, ndodo yoswera mchere ili m'manja, koma osaswa kanthu. M'mawa umenewo nyanja inali itafiirira ngati m'kati mwa gwafa, mphepo itagona, ndipo milu ya mchere kumtunda inkaoneka ngati ikuyandama. Mtima wake ankaumva ukugundira kumwendo, pamsongolo pomwe panali chilonda.

Chilondacho chinayamba ngati masewera. Mwala wa mchere unamucheka, iye n'kuseka. Patatha masabata awiri chinali chikutulutsa mafinya, m'mbali muli nkhanambo zachikasu. Mkazi wake Daba, amene ankasenza mabeseni a mchere kuchokera m'bwato lake, ndiye anachita kumukokera kuchipatala cha m'mudzi.

Namwino Thioro anachitsuka n'kumupatsa kachubu ka mankhwala opaka.

"Muzitsuka ndi sopo ndi madzi oyera, muumitse, kenako mupake pang'ono chabe. Katatu pa tsiku, sabata yathunthu. Muzisamba m'manja musanapake komanso mukamaliza. Amenewa ndi anu nokha, Bambo Ndiaga. Ndipo m'nyanja musalowemo."

"Ndamva, mwanangu."

Bodza lenileni. Ife anthu amchere timavomera zonse tili kumtunda, tikangoona madzi taiwala.

Kwathu kuno munthu salowa m'nyanja osadzola thupi lonse mafuta a karite, mafuta olimba ochokera ku mtedza wa mtengo wina, apo ayi mchere umakudya wamoyo. Ndipo sudzola wekha. Gulu la Ndiaga, amuna asanu ndi mmodzi, linali ndi chikho chimodzi chachikulu. Wopeza mafuta ankathira momwemo, wosapeza ankadzolabe, ndipo zinakhala choncho zaka makumi atatu popanda wofunsa kuti wathira ndani.

Amene anakaona kachubuko anali Birame, mnzake wotukwanizana naye kuyambira ali ana.

"Kapolo wanga, ukubisa chiyani m'thumbamo? Iwe womaliza mpunga wa eni, lero wayamba kudzola wekha ngati mkwatibwi?"

"Ndi mankhwala a chilonda, galu iwe."

"Nanga ifeyo matupi athu ndi achitsulo? Taona zala zangazi."

Onse anaseka, koma maso ali pakachubu. Panalibe ndi mmodzi yemwe wopanda mng'alu kapena bala. Ndiaga anachita manyazi, manyazi otentha kuposa chilondacho. Mawu a namwino ankawakumbukira bwinobwino, koma namwinoyo panalibe. Anafinyira mankhwala onse m'chikho, n'kutakasa ndi chala chomwe anali atangokandira chilonda. Anzake anamuwombera m'manja, iye n'kumva kukoma.

Tsopano linali tsiku lachinayi chichitire zimenezo, ndipo ndodo inkamulemera. Anaisiya. Miyendo inanyamuka yokha, pakuti nyanja yathu siimiza munthu chifukwa cha kuchuluka kwa mchere, ndipo anagona chagada pamadzi, akuyang'ana kumwamba. Kunali kokoma. Anaona bwato la malemu bambo ake likudutsa mwakachetechete, litadzaza mchere woyera mbee, bambowo ataimirira kumbuyo, osamuyang'ana. Anafuna kuwaitana, koma ulesi unamugwira. Mawu amene anamufika anali a Daba, ochokera kutali ngati kuseri kwa khoma, akumuitana ndi dzina la mwana wawo.

"Bambo a Sokhna! Mugwireni, anthu inu, akupita!"

Ndiaga anadzidzimuka ali pabedi la kuchipatala, thupi likutentha. Mwendo unali utatupa, kufiira kutakwera mpaka kufupi ndi bondo. Namwino Thioro sanakuwe, ndipo zimenezo zinamuopsa kwambiri Ndiaga.

"Mankhwala aja ali kuti?"

Ndiaga anayang'ana kudenga. Daba ndiye anayankha, mopanda chisoni. "Anathira m'chikho cha mafuta, mayi. Amuna anga ndi opatsa."

"Kachubu kamodzi m'chikho chonsecho? Ndiye simunapake kanthu, bambo. Mwangothira tizilombo m'mafuta a anzanu. Tayang'anani panjapo."

Pabenchi panja panali Birame, mkono uli m'mwamba, pachigongono pali nkhanambo zachikasu zomwe zija. Pambali pake panali enanso awiri a m'gulu. Ndiaga anatembenukira kukhoma. Sanalire pamaliro a bambo ake, koma apa misozi inatsika yokha.

Namwino anatenga cholembera chabuluu n'kujambula mzere pakhungu, kuzungulira pomwe kufiira kunalekezera.

"Zopaka zokha sizingathenso, zalowa m'kati. Muzimwa mapiritsi awa mpaka athe, ndipo kachubu katsopanoka asunge ndi mayiwa. Kufiiraku kukadutsa mzerewu, musadikire, mupite kuchipatala chachikulu ku Dakar tsiku lomwelo. Kumeneko sindingakulonjezeni kuti mwendowu mubwera nawo."

Masiku otsatira anayenda ngati utsi. Ndiaga ankagona pamkeka pansi pa mtengo, mwendo uli pampando, akumvera mabeseni akugundana kunyanja. Wokumba mchere wopanda mwendo ndi ndani? Mantha anali naye, ndipo sanawabise. Akatsinzina ankaona mzere uja ukusanduka gombe lalitali, iye akuyenda m'mbali mwake osafika. Daba ankamanga kachubuko pangodya ya nsalu yake. Nthawi ikakwana ankasamba m'manja mpaka m'zigongono, kutsuka chilonda, kuumitsa, n'kupaka kadontho kochepa ngati njere ya mpunga, kenako bandeji yatsopano.

"Wonjezako pang'ono, Daba."

"Mukhale chete. Kuwolowa manja kwanu takuona."

Tsiku loyamba kufiirako kunakhudza mzere. Lachiwiri kunangokhala pomwepo, osapita patsogolo, osabwerera. Daba analongedza zovala m'chikwama, kukonzekera ulendo wa ku Dakar.

M'mawa wachitatu kunabwera Birame, mkono uli m'bandeji, kachubu kakekake kali m'thumba la malaya. Anakhala pansi patali pang'ono. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake analowa pakhomopo osatukwana.

"Chikho chija tatsuka ndi madzi otentha," anatero. "Mafuta tataya. Wachilonda aliyense azikhala ndi kachitini kake mpaka atachira."

"Ndinakupatsa matenda, Birame."

"Ndinachita kukupempha ndine. Tamasulani tione, mlamu."

Daba anagwada n'kuyamba kumasula bandeji pang'onopang'ono. Ndiaga anatseka maso. Anamva mphepo yozizira ikukhudza khungu, anamva nkhunda padenga. Zinamutengera nthawi kuti alimbe mtima n'kuyang'ana.

Mzere wabuluu unali pomwe unali. Koma pakati pa mzerewo ndi kufiira panali kampata ka khungu lakuda, lakelake, kotambalala ngati zala ziwiri. Birame anaweramira pafupi, anakayang'anitsitsa, n'kupukuta m'maso ndi bandeji yake.

"Mwendo woipa chonchi," anatero, "ngakhale a ku Dakar akanaukana."