Otsika pa Dokotala

A Dokotala anali atatha zaka khumi ndi chimodzi akuwerenga maminibasi. Sanali dokotala wa jakisoni ayi. Udokotala wawo unali wa mabuku, ndipo ku yunivesite ankaphunzitsa za kayendedwe ka anthu m'mizinda. Ankaima pamphambano, chipewa kumutu, wotchi m'manja, n'kumalemba kuti minibasi yaima mphindi zingati, yanyamula anthu angati, yatsekereza magalimoto angati. Nsapato zinatha zidendene. Pa khama lonselo panatuluka mapepala a kafukufuku khumi ndi anayi.

Koma masiku ano kulemba kokha sikukwanira. Pa intaneti pali tsamba limene limawerenga kuti akatswiri anzako atchula ntchito yako kangati m'zolemba zawo, ndipo nambala imeneyo ndi imene akuluakulu amayang'ana akafuna kukweza munthu pa udindo. Ya a Dokotala inali 23. M'mawa uliwonse, asanavule n'komwe jekete, ankatsegula kompyuta ya mu ofesi kuti aizonde, n'kuipeza ili chigonere ngati wodwala wa dzulo. Pa 23 imeneyo, kasanu ndi kanayi anali iwo eni akudzitchula okha. Kanayi anali mtsikana wina amene anamuphunzitsa kale, mwana woleredwa bwino. Mnzawo wa ofesi yoyang'anizana nayo, wofufuza za udzudzu, nambala yake inali itadutsa zikwi zitatu, ndipo ankayenda m'khonde ngati udzudzuwo anaulenga ndi iyeyo.

Chimene chinkawapweteka kwambiri chinali pepala lachisanu ndi chimodzi. Linkanena za siteji ya pamphambano yaikulu, pomwe maminibasi ankaima mopingasa n'kutseka njira zonse zinayi. Analilemba ndi mtima wonse, mapu ndi manambala zili mbwee, n'kulangiza kuti sitejiyo isunthidwe. Panadutsa zaka zisanu ndi ziwiri popanda ndi mmodzi yemwe wolitchula.

Mkulu wa dipatimenti, bambo wofatsa amene ankayamba wapukuta magalasi asananene zowawa, anawauza kuti komiti yokweza anthu ikumana posachedwa, koma ndi nambala yotereyi asayembekezere zambiri. Komitiyo, anatero, ikufuna kuona kuti ntchito ya munthu ikugwedeza dziko. Kunyumba amuna awo, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, anawatonthoza kuti iwo mapepala onsewo anawawerenga ndipo anawakonda. Atafunsidwa kuti lachisanu ndi chimodzi limanena chiyani, anayamba kufunafuna rimoti pansi pa makhushoni.

Nyumba yawoyo anali atasamukiramo zaka ziwiri zapitazo. Anaisankha ndi a Dokotala eni ake chifukwa cha bata la msewuwo. Pageti panali mtengo waukulu wamthunzi, msewu pamenepo unali wotakasuka, ndipo phokoso lalikulu linali la mashini osokera a atelala a nyumba yoyandikana nayo.

Lolemba lina m'mamawa anadzidzimuka ndi mahutala. Atasuzumira pawindo anaona maminibasi asanu ndi awiri atandandalika pageti pawo, chikwangwani chatsopano chitazikidwa pansi pa mtengo, utoto wachikasu pamsewu usanaume. Mayi wina anali atayala kale nthochi m'mbali mwa mpanda. Kondakitala wina anali atatsamira geti akutsuka mano.

Tiyi sanamwe. Analunjika ku khonsolo ya mzinda, m'njira monse akukonza mawu olasa. Anawalozera kachipinda kakumapeto, kodzaza mafayilo mpaka kudenga, komwe kunali injiniya woona za misewu. Atangotchula dzina lawo, injiniyayo anaimirira msangamsanga mpaka mpando unagwa.

"Mayi, ndinu eni ake a pepala lija?"

Anatsegula dirowa n'kutulutsa pepala lachisanu ndi chimodzi, m'makona mutapindika, pachikuto pali chizindikiro cha kapu ya tiyi, mizere yambiri itadulidwa ndi cholembera chofiira. Anafotokoza kuti analipeza m'katoni imene anasiya injiniya amene analipo iye asanabwere, analiwerenga katatu, kenako anakhala zaka ziwiri akulimbana ndi makhansala mpaka anavomera. Anayeza yekha ndi tepi mamita 250 kuchokera pamphambano, n'kuzika chikwangwani pamalo enieni pamene a Dokotala anajambula nyenyezi pamapu.

A Dokotala anayang'anitsitsa mapuwo. Pamene ankawajambula ankakhala tsidya lina la mzinda. Pambali pa nyenyeziyo panali mawu awo omwe akuti malowa ndi otakasuka ndipo pali mtengo wamthunzi wothandiza okwera. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati khonsolo inaganizirako za anthu okhala pamenepo. Injiniya anamwetulira, kunyambita chala, n'kutsegula tsamba 17. Anawerenga mokweza ngati vesi: "Okhala m'nyumba zapafupi adzadandaula kwa milungu ingapo, monga amachitira anthu, koma adzazolowera."

"Mawu amenewa ndi amene amandilimbitsa mtima, mayi," anatero. "Kodi inuyo mumakhala dera liti?"

"Kutali ndithu," anayankha a Dokotala, n'kutsanzika.

Loweruka anthu a mumsewuwo anachita msonkhano, ndipo unachitikira pabwalo pa a Dokotala chifukwa ndiwo anali ndi mipando yambiri. Atelala, monga wapampando, ananena kuti amva kuchokera kwa mlamu wawo wa ku khonsolo kuti zonsezi wayambitsa ndi wophunzira wina wake, munthu woti minibasi sanaikwerepo chibadwire. Wina anati anthu otero amaphunzira mpaka nzeru zimatayikira m'makutu. Wina anati atamupeza angamugoneke pansi pa mtengowo sabata yathunthu kuti amve yekha. A Dokotala ankangogwedeza mutu, osadziwika ngati akuvomera kapena akukana. Pamapeto onse anagwirizana kuti poti pakati pawo pali wophunzira weniweni, waulemu wake, iyeyo ndiye alembe kalata yotsutsa umbuli wa mnzakeyo mfundo ndi mfundo. Amuna awo, amene ankadziwa zonse, anapita kukhitchini kukatenga madzi akumwa ndipo anachedwako. A Dokotala atawatsatira anawapeza atagwira sinki ndi manja onse awiri, mapewa akunjenjemera ndi kuseka, misozi ili chuchuchu.

Anakhala masiku atatu patebulo lodyera akusaka cholakwa m'pepala lawo lomwe. Anabwereza masamu onse, anayesa kusintha malo a nyenyezi, anafufuza ngakhale kalembedwe. Pepalalo linaima nji. Tsiku lachitatu anadzipeza akumwetulira okha patsamba 12, akuti chamumtima, koma ndiye ndinkalemba bwino nthawi imeneyo. Panja hutala inalira, ndipo kumwetulirako kunathera pomwepo.

Kalatayo sinalembedwe, poti chinsinsi chinaululika chokha. Lachinayi injiniya uja anabwera kudzayendera siteji yake, ndipo anakumana ndi a Dokotala akutuluka pageti atanyamula chidebe cha zinyalala. Sanafunse n'komwe kuti akutani pamenepo. Anaitana madalaivala, makondakitala ndi mayi wa nthochi, n'kulengeza kuti awa ndi mayi amene nzeru zawo zabweretsa siteji pano, aliyense awaombere m'manja. Manja anaombedwa. Atelala anali pakhonde pawo, tepi m'khosi. Anayang'ana a Dokotala nthawi yaitali, n'kukweza mashini awo kulowa nawo m'nyumba.

Kwa mwezi wathunthu mumsewumo munalibe wowapatsa moni. Koma kwa a maminibasi anasanduka mfumukazi. Madalaivala ankati pano pali mthunzi, pali malo okhotera, apolisi sawavutitsa. Akafuna kukwera ankawatsegulira mpando wakutsogolo, ngakhale pakhale munthu kale. Ndipo sitejiyo, imene khonsolo inaipatsa nambala chabe, inapeza dzina. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo makondakitala ankakuwa kuti, "Otsika pa Dokotala! Pa Dokotala alipo?"

Chizolowezi sichichedwa kugwira mwini wake. Tsiku lina a Dokotala anakhala pakhonde ndi kope, n'kuwerenga kuti atchulidwa kangati. Dzuwa lisanalowe anafika pa 412. M'mawa mwake anakaonetsa mkulu wa dipatimenti n'kufunsa, nkhope ili gwa, ngati komiti ingalandire zimenezi. Mkuluyo analingalira mozama ndithu, kenako anati mwatsoka komiti imawerenga zolembedwa zokha, osati zokuwa. Komabe analangiza kuti apemphe kalata kwa injiniya uja. Kalatayo inabwera ya masamba anayi, yowayamikira ngati amwalira. Komiti inaiwerenga, inakhudzidwa, n'kuwauza kuti adzayesenso chaka chamawa.

Poti tulo ta m'mawa tinali titatha kale, a Dokotala anaganiza zopindula nalo phokosolo. Anayambanso kuyeza, ulendo uno ali pampando wa pakhonde pawo, kapu ya tiyi pambali. Anapeza kuti magalimoto amene kale ankaima pamphambano mphindi 19 tsopano ankadutsa m'mphindi zisanu ndi imodzi. Pepala lakhumi ndi chisanu linachokera pamenepo, ndipo chaka chotsatira anakwezedwa.

Atelala anayamba kufewa ataona kuti anthu odikira minibasi akumabwera ndi mabatani othothoka ndi mazipi okanika. Moni woyamba unali wa mutu wokha, wachiwiri unali ndi mawu, ndipo pa wachitatu anapempha kuti ngati a Dokotala akulembanso china, aikemo zoti chikwangwani chisunthidwe pang'ono chabe, chiyang'ane kukhonde kwawo.

Amene anapindula koposa anali apongozi awo a Dokotala, mayi a amuna awo. Kale ankabwera kawiri pachaka, ati mawondo sawalola kuyenda kuchokera pamphambano. Tsopano ankatsikira pageti penipeni Lamlungu lililonse, chikwama chogonera m'manja, ndipo asanatsike ankauza minibasi yonse kuti sitejiyi anaisuntha ndi mpongozi wawo powamvera chisoni iwowo. A Dokotala ankawalandira chikwamacho n'kukawayalira kuchipinda cha alendo, chimene windo lake linayang'ana kumsewu.