A Bakali Apezeka M'buku la ku Ireland

Farida ankagwira ntchito yokonza zipinda pa loji ina ku Nkopola. Tsiku lina mzungu wa ku Ireland anasiya buku pansi pa pilo, ndipo atamuimbira foni anangoti alitenge, iye wamaliza. Linali buku la nkhani zifupizifupi zoseketsa, za anthu a m'midzi ya kwawoko. Farida analitsegula mu minibasi pobwerera kwa Mponda. Anaseka mpaka kondakitala anamufunsa ngati ali bwinobwino.

Azungu a m'bukumo sanali ngati amene iye ankawayalira mabedi. Anali amiseche, okonda milandu, ena osalankhulana zaka makumi atatu chifukwa cha nkhosa imodzi.

Loweruka masana anakhala pakhonde n'kumamasulira azichemwali ake nkhani imodzi. Inali ya mwamuna wosaphonya maliro alionse, ngakhale a munthu wosamudziwa. Ankalira kuposa anamfedwa, diso lili kukhitchini, ndipo pochoka ankabisa nyama m'thumba. A Bakali, malume ake a Farida, anali pomwepo akusoka ukonde. Anaponya singano pansi.

"Wamuuza ndani mzunguyo?"

"Kumuuza chiyani, amalume?"

"Zoti pa sadaka ndimakhala pafupi ndi khomo kuti mpunga uyambire kwa ine!"

Farida anafotokoza kuti wolembayo sanapondepo ku Mangochi, komanso kuti mwamuna wa m'nkhaniyo ndi Mkatolika wovala chikhoti cha mvula.

"Wandiveka chikhoticho kuti ndisamusumire," anatero a Bakali.

Lachisanu atatuluka mu mzikiti, a Bakali anasonkhanitsa amuna anzawo pansi pa mtengo wa mango kuti apeze kazitape amene anauza mzunguyo za iwo. Farida anaitanidwa kudzawerenganso. Atangomaliza, a Nasir, ogulitsa usipa pamsika, anaimirira.

"A Bakali, musadzikweze. Munthu ameneyu ndine. Inu munapitapo kumaliro awiri tsiku limodzi?"

"Atatu! Mpaka ku Makokola, panjinga yobwereka!"

A Hafiz, opalasa bwato, anati onse awiriwo ndi ana. Zobisa nyama m'thumba anayambitsa ndi iwo, ndipo anatembenuza thumba la mkanjo wawo kuti anthu aone mafuta. Za kazitape zinaiwalika. Msonkhano unagwirizana zoti Farida alembere kalata wolembayo kuti anene poyera amene ankatanthauza. A Bakali anagula kofia yatsopano n'kukajambulitsa chithunzi choti chipite m'kalatamo.

Yankho silinabwere. Koma Loweruka lililonse khonde linkadzaza, anthu akumvetsera, aliyense akuyang'ana mnzake m'mbali. Tsiku lina Farida anayamba nkhani ya mayi amene amakhala tsiku lonse kuseri kwa katani akuonerera amene walowa kwa aneba. Asanamalize ndime yoyamba, amayi ake, amene sankalowerera zonsezi, anatsokomola pawindo.

"Farida, mwanangu, imeneyo uidumphe."