Matikiti Atatu Obwerera ku Oruro

Ulendo wa ku La Paz anauyambitsa ndi Casiano, ndipo Eulogia akanayenera kudabwa pomwepo. Mwamuna ameneyu, chisiyireni ntchito ya kumgodi, ukangoti tiyeni kumsika amayamba kutsokomola ngati akutsirizika. Koma chaka chino Januwale atangolowa, uyu akuti, "Mayi a Yesenia, tsekani benchi yanu masiku atatu. Tikaone msika wa chikondwerero cha Alasita."

Eulogia anasangalala, tisaname. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ali m'banja, ntchito kugulitsa api, chakumwa chotentha cha chimanga, ndi mandasi mumsika wa ku Oruro, bamboyo anali asanamutengepo kokayenda. Ndiye anaukonza ulendowo ngati ukwati. Lachisanu basi ya m'mawa. Loweruka ku Alasita, dzuwa likafika paliwombo akhale ali pomwepo. Lamlungu kukwera tingolo toyenda pachingwe tija, aone mzinda wonse uli pansi, kenako kwawo. Zogona sizinamuvute mutu, poti mwana wawo Yesenia anakwatiwa komweko ndi Wílmer, mwana wa eni sitolo ya zitsulo.

"Kwa ana ayi," anatero Casiano. "Ndapeza kale chipinda pafupi ndi tchalitchi cha San Francisco. Tisakawapanikize."

Chabwino, nkhalamba yaphunzira chikondi mochedwa. Eulogia anangoseka n'kuzisiya.

Lachitatu m'mawa anatenga jekete ya mwamuna wake kuti aichape, ndipo m'thumba lamkati anapezamo envulopu. Matikiti opita anali awiri. Obwerera anali atatu. Anawerenganso, ananyowetsa chala ndi malovu n'kuwerenganso, atatu ndithu. Pansi pake panali kapepala ka zokagula, monga amachitira aliyense wopita ku Alasita, kumene chilichonse chomwe mtima ukulakalaka amachigulitsa chaching'ono chokwana pachikhatho. Wina akakugulira kanyumba, sing'anga n'kukafukiza lubani ndi kukawaza mowa, umayembekeza nyumba yeniyeni chaka chisanathe. Eulogia sankazikayikira zimenezi. Suja zaka zinayi zapitazo anatuma mnzake Basilia kuti akamugulire Yesenia katambala, mtsikanayo n'kupezadi mwamuna Disembala asanafike? Mumsika monse anatopa nayo nkhani ya katambala kameneko.

Papepalapo Casiano analemba ndi zilembo zake zopindika zija. Kaminibasi ka Fermín wa nyumba yoyandikana nayo. Kathumba ka shuga. Tinjerwa. Ndipo pamzere womaliza, atachita kudula mzere kunsi kwake: kachikalata kothetsa ukwati.

Mayo! Eulogia anakhala pansi pomwepo, siketi yonse m'madzi a sopo, kukamwa kuli yasa.

Anafika kumsika chipewa chili chopendekeka. Basilia, amene amagulitsa tchizi pabenchi yoyang'anizana ndi yake, anangomuona nkhope n'kusiya kasitomala ali chiimire.

"Kwagwanji achemwali? Wamwalira ndani?"

"Ndamwalira ndine. Tawerengani apa."

Basilia anawerenga milomo ikugwedera. "Haa! A Casiano omwewa? Ndi chifuwa chonse chija?"

"Chifuwa chimenecho ndachithira mankhwala zaka khumi, lero akandigulire chimenechi? Ndiye anditengere ku La Paz, ndikaime pambali pawo ndavala shawelo yanga yatsopano, iwo akufukizitsa kutha kwa banja langa!"

"Taimani kaye. Mutu wanu wabalalika. Za ku Alasita munthu amadzigulira yekha? Kuti zigwire ntchito si mpaka uchite kupatsidwa?"

Eulogia anawongola chipewa chake. Zoonadi, ngakhale mwana amadziwa zimenezo. Mtima unayamba kutsika pang'ono, koma Basilia anali asanamalize.

"Ndiye kuti akugulira wina. Mkazi wa mwini, achemwali. Akufuna amuchotse kwa mwamuna wake, ndipo tikiti yachitatuyi ndi yake. Mubwera naye basi imodzi, mwina mpando wogundizana."

"Inu Basilia, mukufuna ndikomoke pano?"

"Ine ndangowerenga zomwe zalembedwa."

Eulogia sanayatse n'komwe mbaula. Anabwerera kunyumba wapansi, mvula ikuwaza, njira yonse akuwerenga akazi a ku La Paz amene Casiano angawadziwe. Sanapeze ndi mmodzi yemwe, ndipo zimenezo zinangomuwonjezera ukali.

Anamupeza ali pakhonde akusenda mbatata. Anaponya envulopu ija m'beseni la mbatata momwemo.

"Ndi ndani?"

Casiano anayang'ana envulopu, anayang'ana mkazi wake, n'kuika mpeni pansi. "Mwayamba kundisecha m'matumba?"

"Musandizunguze, nkhalamba yopanda manyazi inu! Mano atatu m'kamwa, koma mukulanda akazi a eni! Ndi ndani amene akukhala pampando wachitatu?"

"Khalani pansi, mayi a Yesenia."

"Sindikhala!"

"Ndi Yesenia."

Eulogia anamva dzinalo koma silinalowe. "Yesenia watani?"

"Mpandowo ndi wake. Kachikalatako n'kakenso. Anandiimbira pa Khirisimasi, tsiku lomwe anati sabwera chifukwa cha chimfine. Sichinali chimfine. Diso linali litatupa, sakanatha kukwera basi anthu n'kumamuona." Casiano anatsokomola, ndipo ulendo uno chinali chifuwa chenicheni. "Mkono unathyoka uja, anati anagwa pamasitepe, simunadabwe? Nyumba yawo ija masitepe ake ndi awiri okha."

"Wílmer?"

"Wílmer yemweyo. Loweruka masana iye adzakhala kusitolo, poti ndi tsiku la malonda. Mwana adzatipeza ku Alasita ngati wabwera kudzaona makolo, chikwama chake anasungitsa kale kwa mnzake. Chipinda ndapezacho chili ndi mabedi atatu."

Tsopano Eulogia anakhala, osati pampando, pasimenti ponyowa. Ankaopa kuti akulandidwa mwamuna, pamene mwana wake akumenyedwa chaka chonse iye ali kalikiliki kutamanda katambala mumsika.

"Nanga bwanji sanandiuze ine? Ine mayi wake, ndinamubereka ndine!"

Casiano anatola mbatata n'kuyamba kuitembenuza m'manja, osamuyang'ana.

"Anakuuzani. Kawiri. Munati apirire, kwa a Wílmer ndi banja lolemekezeka, asakuchititseni manyazi kumsika. Ndiye anandipempha kuti ndisakuuzeni mpaka titakwera basi. Amaopa kuti mumubweza."

Eulogia anawakumbukira mafoni awiri aja. Ulendo wachiwiri anali akupatsa kasitomala api, foni ataipanikiza ndi phewa, ndipo anadula yekha chifukwa mandasi ankapserera. Analira mokweza, kulira kwa pamaliro, mpaka mkazi wa Fermín anasuzumira pampanda.

Atatonthola anavuula envulopu m'beseni muja, natulutsa kapepala konyowa. Anang'amba mzere womaliza bwinobwino, naupinda, nauika m'thumba la epuloni.

"Mukutani?" anafunsa Casiano mwamantha.

"Inu mukagule minibasi ya Fermín ndi shuga wanuyo. Katambala kaja ndinamupatsa ndine. Kachikalata akanso ndikamupatsa ndine, m'manja mwake, aone kuti kachokera kwa mayi wake." Anapukuta mphuno ndi shawelo n'kudzuka. "Ndipo pobwerera inu mukhale kumbuyo. Pambali pake ndikhala ine."