Makoswe a mu Shedi ya Che Hafiz

Lachinayi m'mawa Naima anatsika pa kabaza kuseri kwa msika, n'kupeza mlamu wake Yasmin akusesa pakhomo pa shedi ya nsomba. Pamulu wa zinyalala panali makoswe atatu akufa.

Naima anali mlangizi wa zaumoyo, ndipo anangodutsa kudzasiya buku la kusikelo la mwana wa Yasmin. Shediyo inali ya achimwene ake aakulu, Che Hafiz, amuna a Yasmin, omwe ankapikula usipa wouma ku Nkhudzi ndi ku Monkey Bay, kuusunga m'tauni ya Mangochi, kenako kuutumiza ku Lilongwe.

"Mwathira mankhwala, alamu?" anafunsa Naima.

"Ayi ndithu. Akungofa okha. Dzulo tinatola awiri, dzana anayi. Achimwene anuwo akuti Mulungu watimvera chisoni."

M'kati mwa shedi munali Memory, mayi wa ku Nkhudzi amene ankagwira ntchito ndi Yasmin. Anakhala pansi pathumba lopanda kanthu, atatambasula miyendo, monga amakhalira onse osankha usipa. Ankachotsa mchenga ndi tinsomba toduka, kwinaku akukanda akakolo.

"Ngakhale gologolo uja wa mumtengo wa nimu wagwa yekha dzulo," anatero Memory. "Koma nthata ndiye zatikonda sabata ino. Kapena magazi a ku Nkhudzi ndi otsekemera."

Naima sanaseke. Anakumbukira mphunzitsi wake wina kumaphunziro a zaumoyo, bambo wa ku Nsanje amene anaonapo matenda a chaola ndi maso ake. Ankati matendawa amayamba ndi kupha makoswe ndi tinyama tina tokhala pafupi ndi anthu. Khoswe akafa thupi limazizira, ndipo nthata zake zimatsika kukafuna magazi ena. Zikaluma munthu, amatentha thupi ndi kutupa mwanabere, ndipo akachedwa kupita kuchipatala angathe kufa m'masiku ochepa. Chimene bamboyo ankabwereza kawirikawiri chinali chimodzi: yambani mwapha nthata, makoswe pambuyo.

"A Memory, dzukani pansipo mutuluke. Alamu, tsekani chitseko."

"Usipa wonsewu asankhe ndani?"

"Tulukani kaye, tikambirana panja."

Anawafunsa onse awiri ngati thupi likutentha kapena ngati pali potupa m'khwapa ndi m'mphechepeche. Panalibe. Anavala magolovesi, anaika makoswe aja m'majumbo awiri n'kumanga zolimba, kenako anaimbira foni mkulu wake wa kuntchito. Mkuluyo anamvetsera bwino. Anati okhawo oyeza mulabu ndi amene anganene ngati chilidi chaola, ndipo gulu lokhala ndi ufa wophera nthata lili ku Katuli, libwera Lachisanu madzulo. "Kufikira nthawi imeneyo shediyo isatsegulidwe," anatero. "Ndipo munthu asayerekeze kuthira mankhwala a makoswe."

Masana Che Hafiz anafika pa njinga yawo yamoto, n'kupeza amayi atakhala pansi pa mtengo wa nimu, shedi ili chitsekere. Naima anagwada pang'ono powapatsa moni, ndipo anafotokoza zonse mwatsatanetsatane.

"Ndamva, a dokotala," anatero Che Hafiz. Ankamutchula choncho akafuna kumukumbutsa kuti si dokotala. "Ndiye kuti tikugwirizana. Makoswewa ndi oipa. Mawa tikatuluka kumzikiti tiwamaliza onse."

"Muwamaliza bwanji?"

Che Hafiz anatulutsa kapaketi ka mankhwala a makoswe m'thumba la malaya. Anafotokoza kuti eni mashedi onse asanu a mumzere umenewo anapangana kuthira mankhwala tsiku limodzi, ola limodzi, kuti khoswe asapeze kothawira. Anaganiza zimenezi ndi iwo, ndipo anagawira anzawowo mapaketi ndi manja awo.

"Achimwene, mukapha makoswe onsewo tsiku limodzi, nthata zawo zipita kuti?"

"Zifa nawo."

"Sizifa. Mankhwalawo amadya ndi khoswe, osati nthata. Zitsika zonse, ndipo m'mashedi asanuwo muli amayi oposa khumi amene amakhala pansi tsiku lonse."

"Chaka chatha unayenda msika wonse ndi chimkuzamawu, uli makoswe amabweretsa matenda, aphani makoswe. Si iwe?"

"Ndine."

"Lero ukuti tiwasiye."

"Ndikuti dikirani tsiku limodzi. Athire kaye ufa wa nthata."

"Galimoto ya ku Lilongwe ikubwera Loweruka. Matumba aboolaboola kale. Ndiye ndiwapatsenso usiku wina woti adyerere?" Anabweza kapaketi kaja m'thumba. "Naima, ndinkakubereka kumsana popita ku madrasa. Za katemera ndimakumvera. Za makoswe ndi nsomba, ndisiyire ine."

"Osadandaula, Che Hafiz," anatero Memory. "Nthatazo zikatha ife, musankha nokha usipawu."

Yasmin anabisa nkhope mumpango kuti asaoneke akuseka. Che Hafiz analiza njinga n'kumapita.

Naima sanabwerere kuntchito. Anayenda shedi ndi shedi mumzere wonsewo. Kulikonse anamulandira mwaulemu, anamupatsa pokhala, anamumvetsera mpaka kumaliza. Kwina anavomera kuti nawonso atolapo makoswe akufa okha. Koma yankho linali limodzimodzi: "Kalankhuleni ndi achimwene anu. Ndi iwo anatiitana. Akati tisiye, tisiya." Apo Naima anazindikira kuti mashedi onse asanu ali m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndi amene amamuona ngati kamtsikana kovala diresi ya sukulu.

Lachisanu Naima anafika pashedi paja dzuwa lisanafike pamutu. Anavala buluku n'kulilowetsa m'majombo, anatembenuza chidebe pakhomo pa shedi, n'kukhalapo. Yasmin ndi Memory anali pansi pa mtengo uja, patali pang'ono. Anamva kuitana kwa kumzikiti, msika n'kuchita zii. Naima anaimbanso foni. Gulu lija linali litanyamuka ku Katuli, koma msewu wake ndi wodziwika kuipa, silingafike isanakwane folo koloko.

Itangodutsa wani koloko Che Hafiz anatulukira, atavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu, wofika m'miyendo, umene Yasmin anausita m'mawa. Kiyi anali kale m'manja.

"Ukulondera makoswe, chemwali?"

"Ndikulondera alamu anga. Achimwene, maola atatu okha."

"Anzanga akusakaniza kale mankhwala ndi gaga. Ine woyambitsa ndikhale womaliza?"

Naima anaimirira pakati pa chitseko. Che Hafiz sanamukankhe. Anangomugwira mapewa pang'onopang'ono n'kumusuntha, ngati mmene amasunthira thumba, kenako anatsegula loko.

"Musalowe. Shediyi yakhala chitsekere kuyambira dzulo, nthatazo zili ndi njala."

"Ndikungotenga gaga."

Analowa. Naima anamva akusuntha matumba kukona. Anawaitana kawiri. Atatuluka ndi beseni la gaga m'manja, Naima anayang'ana kumiyendo kwawo.

"Imani pomwepo, padzuwapo. Taonani mpendero wa mkanjo wanu."

Che Hafiz anawerama. Kuyambira kumpendero mpaka pafupi ndi mawondo, nsalu yoyerayo inali ndi timadontho takuda tambirimbiri. Anaganiza kuti ndi fumbi la makala, n'kutambasula dzanja kuti asase. Kadontho kamodzi kanadumpha. Kena kanayamba kukwera.

"Musagwire. Mwakhalamo mphindi ziwiri zokha," anatero Naima. "Izi ndi za makoswe asanu ndi anayi amene afa okha. Alamu amakhala pansi m'menemo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo chitenje chawo n'chakuda, sazionako. Nthawi zina amagoneka mwana pathumba pomwepo."

Che Hafiz anatembenuka kuyang'ana mkazi wawo. Yasmin anali ataimirira, dzanja lili pakamwa. Pa akakolo ake panali timabala tofiira timene iwo anali asanationepo, ngakhale amagona nyumba imodzi.

Anaika beseni pansi.

"Ndichite chiyani?"

"Vulani mkanjowo, pang'onopang'ono, mopindira kunja m'kati."

"Pamsika pano?"

"Pompano."

Anavula. Anatsala ndi vesiti ndi buluku lalifupi lofika pamawondo. Naima, atavala magolovesi, analandira mkanjowo n'kuuika m'jumbo yoonekera m'kati, n'kumanga pakamwa. Anawauza kuti atsuke miyendo ndi sopo pampope, ndipo iye anakhoma chitseko.

"Zaka zonsezi sindinadziwe kuti bwana ali ndi miyendo," anatero Memory. "Ndinkayesa amayenda ndi mawilo."

"Iwe Memory, lero ndakukhululukira," anayankha Che Hafiz ali pampope, osatukula mutu.

Atabwerako, Naima anawauza kuti madzulo omwewo onse atatu ayenera kupita kuchipatala. Ngati achipatala aona kuti n'koyenera, awapatsa mankhwala oteteza, chifukwa matendawa amachizika munthu akafulumira. Mwina zotsatira zikabwera zidzaonetsa kuti si chaola. Iye sankadziwa.

"Ndipo ikakhala nkhani yabodza, galimoto yanga itandisiya?"

"Mudzandinena chaka chonse. Ndidzapirira."

Che Hafiz anatulutsa kapaketi kaja m'thumba la buluku, n'kukaika m'dzanja la mlongo wawo pamodzi ndi kiyi. Kenako anayang'ana mumzere wa mashedi. Pakhomo lachitatu munthu anali atanyonyomala, akutakasa gaga m'mbale ndi kamtengo.

"Ndipatse jumbo imeneyo."

"Musaimasule."

"Ndamva, a dokotala."

Ulendo uno mawuwo sanamveke ngati chipongwe. Ananyamula jumboyo m'mwamba ngati munthu wonyamula nyali, nthata zikudumphadumpha m'kati, n'kuuyamba ulendo wa kushedi yachitatu ali chivesiti chomwecho. Anyamata a kabaza anasiya kucheza n'kumawayang'ana. Iwo sanacheuke.

"Swadick," anaitana mwini shediyo asanafike n'komwe, "siya mbaleyo. Bwera udzaone mkanjo wanga."

Naima anawatsatira pambuyo, atatsegula jumbo ina yolandirira mapaketi. Anali atatsala anayi.