Kiyi wa Pikapu

Lumo linali litafika pakati pa mutu wa Dave pamene mlongo wake Felista anatula ndowa pafupi ndi mapazi ake.

"Ndiye mawa ulendo wa ku Blantyre, eti achimwene? Dothi la kumanda lisanaume n'komwe."

Malume awo anapitiriza kumeta ngati sakumva. Linali tsiku lometa, lachitatu chiwaikireni bambo awo, a Makina, m'manda.

"Tsiku sindinasankhe ine," anatero Dave. "Chaka chimene khoti linandiletsa kuyendetsa chatha dzulo. Nandolo wauma m'munda. Ndikapanda kukatenga laisensi anyamula ndani?"

"Nandolo ndiye wamwayi, apeza dalaivala. Ababa sanamupeze."

Pikapu inali pomwepo pansi pa mango, nkhuku zitaisandutsa chogona. Chaka chatha Dave anachoka pa Chiringa atakhuta kachasu, n'kukailowetsa pa benchi ya tomato, mayi wogulitsayo n'kuthyoka mwendo. Atabwera kuchokera kukhoti, bambo ake sanakalipe. Anangotambasula dzanja, iye n'kuikamo kiyi.

Ndiye sabata yathayi, masana dzuwa lili phwee, bambowo anagwa pakhonde atagwira pachifuwa. Dave anali asanalawe dontho chaka chonsecho. Anagwada.

"Ababa, kiyi ali kuti? Apolisi akandimange, zilibe kanthu!"

Milomo yawo inkagwedezeka koma mawu osatuluka. Dave anatembenuza matiresi, anakhuthula madengu, anaswa loko wa sutikesi. Kiyi osaoneka. Mapeto ake anawakweza pa njinga yamoto ya kabaza, iye atawagwirira kumbuyo. Anawamva akulemera pachifuwa pake chipatala chidakali kutali.

"Ukanapanda kumwa tsiku lija," Felista anayambanso, "kiyi akanakhala m'thumba mwako."

"Ndikudziwa! Ukuganiza kuti sindikudziwa?"

Anadzuka mwamphamvu, lumo n'kumucheka pamwamba pa khutu.

"Iwe, khala pansi," anatero malume.

"Basi, sindipitako. Galimotoyo iwolere pomwepo. Nandoloyo mukasenze pamutu."

Apa mayi awo, a Aliness, anatuluka m'nyumba atanyamula jekete yakuda ya malemu, ya ku tchalitchi ija.

"Iyi anandichapitsa mwezi watha. Amati ukavale pokajambulitsa chithunzi cha laisensi, usakaoneke ngati wa ku shabini."

Dave anailandira monyinyirika. Jekete yomweyi anaigwetsa pa msomali tsiku lofunafuna kiyi lija, anapisa m'matumba akunja, anaipondanso potuluka. Tsopano chala chake chinagunda kanthu kolimba. Anaitembenuza. Thumba lam'kati linali losokedwa ndi ulusi wa matumba a nandolo, msoko waukuluukulu, wobwereza kawiri.

"Amayi, munkadziwa?"

"Ndaona lero ndikulongedza zovala, pochapa paja msokowu panalibe. Komwe anabisa kiyi sanandiuze. Anangoti, 'Mwana uja akandichonderera kachitatu ndimupatsa, ndikudzidziwa ine. Ndiike poti ngakhale mwiniwakene ndivutike.'"

Dave anakumbukira kuti anachondereradi, osati katatu kokha. Pa Khirisimasi. Pa ukwati wa mnzake ku Chiwalo. Nthawi zonse bambowo ankathawira kumunda, khasu pa phewa, ngakhale pamene kunalibe cholima.

Dave anakhala pansi. Malume anamutambasulira lumo kuti adule ulusiwo.

Dave analiyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Ayi. Ndidzadula mawa, laisensi ili m'manja."

Felista anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. Ananyowetsa nsonga ya chitenje m'ndowa muja, n'kumupukuta magazi pamwamba pa khutu, mosanyengerera.

"Weramatu akumalize," anatero. "Ukajambulitsa bwanji ndi mutu watheka?"

Dave anavala jekete ija, ngakhale kunkatentha, manja ake ali aafupi kwa iye. Anaweramitsa mutu. Lumo litayambanso, kiyi anali akumukanikiza pachifuwa.