Ndevu za Mkulu wa Mpingo

Nampala anafika ndi kachikwama kake ka malezala dzuwa lili pamutu. Mkulu wake, Mayi Kwaya, anamuchingamira pakhomo atatseka mphuno ndi mpango woyera wa yunifolomu.

"Wachedwatu iwe. Abusa akubwera ndi mgonero wa Ambuye. Ukawamete bambo, ukatha utulukire khomo lakuseri."

"Nanga inuyo achemwali, lezala limakulumani?"

"Ine ndimawapempherera."

Ati kupempherera! Miyezi inayi chifereni ziwalo bambowo, mayiyu amaimba nyimbo ataima pakhomo la chipinda, phazi lina lili panja. Mwamuna wake, chimimba patsogolo, amangosuzumira, "Ambuye ngwabwino," uyo wathawa. Ngati fungo limamva nyimbo.

Dzina loti Nampala anamupatsa ndi bambo omwewa. Ali mkulu wa mpingo, atamva kuti mwana wawo ali ndi pakati popanda mwamuna, anamukhazika pabwalo n'kumumeta mpala ndi sizasi yobuntha, anthu akuonerera, kenako zovala zake kumsewu. Zaka khumi sanapondeponso. Koma Mulungu ngwanthabwala: mtsikanayo anakaphunzira ntchito yometa yomweyo.

Analowa. Munthu uja ankati akangokhosomola tchalitchi chonse zii, anali atapindika pabedi ngati chisanza, ndevu zitamatana ndi chakudya chadzulo, dovu lili chuchuchu. Atamuzindikira, maso anathamangira kuchikwama.

Nampala anatulutsa sizasi. Mtima unkamuuza kuti awadule zigamba zigamba m'mutumo, abusa adzaone, achemwali achite manyazi. Anagwira imvi zija.

"Bambo, mukuikumbukira sizasi?"

"Aa... aa," nkhalambayo inayesa kuyankha.

Atawadzutsa mutu, anaona chilonda kuseri kwa khutu, china paphewa, chitamatirira kumalaya. Miyezi inayi ya nyimbo, wowatembenuza panalibe. Anayang'ana sizasi ija kanthawi, n'kuibwezera m'chikwama.

"Achemwali! Madzi ofunda ndi kansalu!"

"Ndavala yunifolomu ine."

"Yomweyo ithandiza." Anawatsomphola mpango uja, n'kupukutira dovu la bambo. Mayi Kwaya anakuwa ngati apondedwa ndi galimoto.

Nampala anawasambitsa bambowo, anawatembenuza, n'kuwameta pang'onopang'ono, chala chikutsogolera lezala pakhosi.

Abusa atalowa anagwedeza mutu. "Mayi, mukuwasamala bwino bambo athuwa."

"N'chisomo chabe, abusa," anatero Mayi Kwaya, osaphethira n'komwe. Manyazi anawasiya m'mimba mwa amayi awo.

Nampala ananyamuka kuti alowere kuseri kuja, koma siketi inakokedwa. Dzanja limodzi lotsala lamoyo la bambo linali litaigwira, zala zili gwa.

"Tasiyani, bambo. Ndevu sizichedwa kumera, ndibwera Lachitatu."

Sanasiye. Nampala anakhalanso pabedipo, ndipo abusa anachita kudutsitsa chikho cha mgonero pamwamba pa mutu wake.